Kuonerera ndi Kuwerenga Mbalame Zolusa Zikamabwerera Kumpoto

Mvula ikayamba kudukizadukiza chakumapeto kwa dzinja, chimanga chitayamba kukhwima m'minda, mbalame zolusa zambiri zimene zakhala zikutera pa mapolo a magetsi ndi m'mitengo ya m'mphepete mwa madambo kuyambira mu Okutobala zimanyamuka ulendo wobwerera kumpoto. Zambiri mwa mbalamezi siziswana kuno. Zisa zake zili ku Russia, ku Kazakhstan, ku Poland, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, ndipo zimabwera kum'mwera kwa Africa pothawa chisanu cha kumeneko, kudzadya ngumbi, ziwala, mbewa ndi abuluzi m'miyezi ya mvula. Pofika mu Malichi ndi Epulo, kuzizira kukamatha m'mayiko amenewo, zimakhala zili m'njira, ndipo munthu wodziwa poima ndi poyang'ana akhoza kuziona zikudutsa, n'kuziwerenga.

Ntchito imeneyi ili ndi chifukwa chake. Mbalame zolusa zimamanga zisa motalikirana kwambiri, m'nkhalango ndi m'zipululu zimene palibe angathe kuziyendera zonse, choncho njira yodalirika yodziwira ngati mtundu wina ukuchepa ndiyo kuuwerenga pamene ukudutsa pa malo opanikizika. Malo otchuka pa ulendo wa miyezi imeneyi ndi Eilat, kum'mwera kwa Israel, kumene mbalame zochokera mu Africa zimalambalala Nyanja Yofiira. Mu 1985 kumeneko kunawerengedwa mbalame zolusa zoposa 1 miliyoni m'nyengo imodzi, ndipo zoposa 850,000 mwa izo zinali za mtundu wa Honey Buzzard. Ena amawerengera ku Tarifa m'dziko la Spain, kumene nyanja yolekanitsa Africa ndi Ulaya ndi ya makilomita 14 okha, ena ku Messina m'dziko la Italy. Kuno kwathu musayembekezere ziwerengero zoterozo, pakuti ulendo umakhala ukungoyamba ndipo mbalame zimakhala zisanasonkhane pamodzi. Komabe chiwerengero chaching'ono chimagwira ntchito ndithu, malinga ngati chatengedwa pa malo amodzimodzi, m'maola amodzimodzi, ndi munthu wolemba zokhazo zimene waonadi.

Yambani ndi kumvetsa kaulukidwe kake

Musanasankhe phiri, dziwani chimene chimanyamula mbalamezi. Ziwombankhanga ndi mbalame zina za mapiko otambalala sizingakupize mapiko ulendo wa makilomita zikwizikwi, chifukwa zingathe mphamvu zisanafike pakati. Zimadalira mpweya wofunda umene umakwera kuchokera pansi dzuwa likatenthetsa nthaka, miyala ndi minda. Mbalame ikapeza mpweya wotero imatambasula mapiko, n'kumazungulira, n'kumakwera osakupiza ngakhale kamodzi, ndipo ikafika pamwamba pamene mpweyawo wathera, imapinda mapiko pang'ono n'kuyandama molunjika kumpoto, ikutsika pang'onopang'ono mpaka itapeza mpweya wina. Zikachuluka pa mpweya umodzi zimaoneka ngati masamba ouma amene kamvuluvulu wawanyamula.

Pamwamba pa madzi mpweya wofundawu sukwera bwino, n'chifukwa chake mbalame zotere zimapewa kuoloka nyanja zikuluzikulu ndipo zimatsata gombe kapena mapiri oyandikana nalo. Mphepo ikaomba phiri lotsetsereka imakankhidwira m'mwamba, ndipo nayonso imanyamula mbalame ngakhale tsiku limene dzuwa silinawale kwenikweni. Mfundo ziwirizi ndi zimene zikuuzeni koyenera kuima. Akabawi ang'onoang'ono a mapiko osongoka sazitsatira kwambiri, chifukwa iwo amakupiza mapiko ndipo amadutsa paliponse, ngakhale pamwamba pa madzi.

Kusankha malo

Funani malo okwera amene kum'mwera kwake kuli poyera, popanda mitengo kapena nyumba zotchinga, chifukwa mbalame zidzachokera kumeneko ndipo mufunika kuziona zikadali kutali kuti mupeze mpata wozizindikira. M'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene muli Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire ndi moyenera kuyambira: zitunda za ku Livingstonia zoyang'ana kunyanja, msewu wotsika kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, mbali ya kumadzulo ya phiri la Zomba yoyang'ana m'chigwa cha Shire, ndiponso phiri la Michiru ku Blantyre. Ku Zambia, mapiri a Muchinga oyang'ana m'chigwa cha Luangwa ndi timapiri tozungulira Chipata n'zopangika mofananamo. Pamwamba penipeni pa phiri lalitali si pabwino nthawi zonse, chifukwa mu Malichi nkhungu imakuta nsonga mpaka masana, ndipo mbalame zimadutsa m'munsi mwanu osaziona. Phewa la phiri kapena thanthwe lotulukira kunja nthawi zambiri limaposa nsonga.

Yesani malo awiri kapena atatu m'chaka choyamba, kenako musankhe amodzi ndi kukhazikika pomwepo. Ganiziraninso za mayendedwe, popeza malo amene mungafikeko mosavuta sabata iliyonse ndi aphindu kuposa malo okongola amene mungafikeko kamodzi pa chaka.

Malowo ali ndi eni ake. Ngati ali m'nkhalango ya boma kapena m'malo osungirako nyama, pemphani chilolezo kwa oyang'anira. Ngati ali m'mudzi, kaonekereni kaye kwa amfumu, mufotokoze chimene mwadzera, muwaonetse kope ndi magalasi anu. Mlendo amene amakhala pathanthwe tsiku lonse akuloza magalasi cha kumidzi amadzutsa mafunso, ndipo mphekesera zikayamba n'zovuta kuzizimitsa. Funsaninso ngati pafupi pali manda kapena malo ena osayenera kufikako. Anyamata oweta ng'ombe musawanyalanyaze, chifukwa amadziwa mitengo imene mbalame zimagona, ndipo amene wayang'anapo m'magalasi n'kuona diso la chiwombankhanga amayamba kuganiza kawiri asanakoke legeni.

Nyengo ndi maola

Yambani chakumapeto kwa Febuluwale ndipo mupitirize mpaka kumapeto kwa Epulo. Mitundu siinyamuka pamodzi. Mphamba wa mlomo wachikasu, amene amangoyendayenda m'kati mwa Africa momwemu, amayamba kuchepa msanga. Ziwombankhanga zochokera ku Ulaya ndiponso mbalame za mtundu wa Steppe Buzzard zimanyamuka makamaka mu Malichi, pamene Honey Buzzard imachedwa, ndipo ku Eilat imadutsa mwaunyinji kumayambiriro kwa Meyi. Ngati simungathe kupita tsiku lililonse, sankhani masiku okhazikika, monga Loweruka lililonse, ndipo muzipita kaya kunja kwacha bwino kaya ayi. Munthu amene amapita pokhapokha akamva kuti mbalame zachuluka amapeza ziwerengero zokoma koma zosathandiza.

Fikani pamalo cha m'ma 8 koloko m'mawa kuti mukonzeke. Mpweya wofunda umayamba kukwera cha m'ma 9 koloko, ndipo maola awiri otsatira ndi abwino koposa, chifukwa mbalame zimene zinagona pafupi zimakhala zikunyamuka ndipo zikadali m'munsi. Dzuwa likafika paliwombo zimakwera kwambiri moti zina zimangooneka ngati timadontho, zinanso sizioneka n'komwe, choncho kuchepa kwa masana sikutanthauza kuti ulendo waima. Cha m'ma 3 koloko zimayambanso kutsika kufuna pogona. Tsiku lowala lotsatira masiku angapo a mvula ya mvumbi musaliphonye, pakuti mbalame zimene zinatsekerezedwa zimanyamukira pamodzi.

Zonyamula n'zochepa: magalasi oonera patali, kope lachikuto cholimba, mapensulo awiri, wotchi kapena foni, buku la zithunzi za mbalame za kum'mwera kwa Africa, chipewa, madzi akumwa ndi jekete la mvula. Pensulo ndi yabwino kuposa bolopeni chifukwa zolemba zake sizifufutika pepala likanyowa. Magalasi olembedwa 8x42 kapena 10x42 ndi okwanira. Nambala yoyamba ikusonyeza kuti chinthu chikuyandikitsidwa kangati, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Oyandikitsa kuposa pamenepa amanjenjemera m'manja ndipo amatopetsa maso. Muwakonze kuti agwirizane ndi maso anu musanayambe: tsinzinani diso lakumanja, zungulizani kagudumu kapakati mpaka mtengo wakutali uoneke bwino ndi diso lakumanzere, kenako tsinzinani lakumanzere n'kuzunguliza kamphete ka pa galasi lakumanja kokha mpaka mtengo womwewo uonekenso bwino. Musayang'ane dzuwa m'magalasi ngakhale kwa kamphindi, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo, ndipo mbalame ikalowera kudzuwa ilekeni. Mabingu akayamba kugunda tsikani pathanthwe msanga, mulembe nthawi imene mwasiyira.

Kufufuza kumwamba

Mukakhala pansi, gwirizanani ndi mnzanu mayina a zizindikiro zooneka patsogolo panu, monga nsanja ya mafoni, phiri la nsonga ziwiri, denga la malata la sukulu, mtengo wa mlambe. Kunena kuti "iyo apo" sikuthandiza aliyense, koma mukati "ziwiri, pamwamba pa nsanja, m'munsi mwa mtambo woyera, zikulowera kumanzere," mnzanu azipeza msanga. Anthu awiri ndi abwino kuposa mmodzi, wina kuyang'ana, wina kulemba, n'kumasinthana pa ola lililonse.

Lozani magalasi pa phiri lakutali kuti akhale okonzeka kuona zakutali, kenako yendetsani pang'onopang'ono kuchokera kum'mawa, kudzera kum'mwera, mpaka kumadzulo, m'mphepete momwe mtunda wakumana ndi thambo. Bwererani mutakweza magalasi pang'ono, ndipo pomaliza muyang'ane pamutu panu ndi maso okha. Chitani zimenezi mphindi zingapo zilizonse. Mitambo yoyera yowundana ndi yothandiza kwambiri, chifukwa imapangika pamwamba pa mpweya wokwera ndipo mbalame yakuda imaonekera bwino pa iyo, pamene thambo lopanda mtambo limameza mbalame ndi kuwawitsa maso.

Kuzindikira mtundu

Apa ndi pamene oyamba kumene amagwa ulesi, chifukwa amayembekezera kuona mitundu ya nthenga monga ilili m'buku. Mbalame ili m'mwamba, dzuwa lili kumbuyo kwake, imangooneka yakuda. Choncho yambani ndi maonekedwe a thupi: kutalika ndi kutambalala kwa mapiko, kutalika kwa mchira poyerekeza ndi phiko, kukula kwa mutu, ndiponso mmene mapiko akhalira mbalame ikamabwera molunjika kwa inu, kaya atukuka m'mwamba, kaya ali mowongoka, kaya nsonga zake zagwera pansi. Nthenga muziziona pomaliza.

Imene mudzaione kawirikawiri ndi Steppe Buzzard, ndipo ndi bwino kuidziwa bwinobwino kuti zina zonse muziziyerekeza ndi iyo. Ndi yapakatikati, mapiko ake akatambasuka amapitirira pang'ono mita imodzi, mutu ndi waufupi wonenepa, mchira ndi waufupi ndipo nthawi zambiri ndi wofiirira, umatambasuka mbalame ikamazungulira. Pozungulirapo mapiko amatukuka pang'ono. Mtundu wa nthenga zake umasiyanasiyana kwambiri, ina yofiirira, ina yotuwa, ina yakuda ndithu, choncho musaganize kuti mwaona mitundu itatu. Honey Buzzard imafanana nayo kukula, koma mutu wake ndi waung'ono wotulukira kutsogolo, mchira ndi wautali wokhala ndi mizere iwiri chakutsinde ndi umodzi waukulu kunsonga, ndipo ikamazungulira mapiko amakhala mowongoka osatukuka. Chakudya chake ndi ana a mavu, amene imawafukula m'zisa zawo.

Mphamba savuta, chifukwa mchira wake ndi wamphanda ndipo amaupotoza uku ndi uku pouluka. Amene timamudziwa pa nkhani ya anapiye ndi wa mlomo wachikasu, wa mu Africa momwemu, pamene wochokera ku Ulaya ndi ku Asia akakula mlomo wake umakhala wakuda. Kutali simungawasiyanitse, ndipo palibe cholakwika kungolemba kuti mphamba.

Ziwombankhanga zofiirira ndiye mutu waukulu, ndipo ngakhale akatswiri amatsutsana pa izo. Zonse zili ndi mapiko aatali okhala ndi nthenga zotalikirana kunsonga. Wahlberg's Eagle, imene imabwera kudzaswana kuno cha mu Ogasiti ndi Seputembala n'kubwerera kumpoto kwa Africa wapakati mvula ikamatha, ili ndi mapiko opyapyala owongoka ndi mchira wautali wopapatiza umene kawirikawiri sukhala wotambasuka, moti m'mwamba imaoneka ngati mtanda. Lesser Spotted Eagle, imene imaswana kum'mawa kwa Ulaya ndipo zina zimene akatswiri a ku Germany anazimangirira tizipangizo tozilondolera zinapezeka zikuthera miyezi ya mvula ku Zambia, ili ndi mchira waufupi wozungulira, ndipo ikamayandama nsonga za mapiko zimagwera pansi. Steppe Eagle ndi yaikulu kuposa ziwirizi, mapiko ake amafika pafupifupi mamita awiri, ndipo yaing'ono msinkhu imakhala ndi mzere woyera waukulu kunsi kwa phiko. Mtundu umenewu unaikidwa m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yotha mu 2015, ndipo kuwerenga kwa pa malo odutsira ndi kwina mwa zimene zinaonetsa kuchepa kwake. Pa chifukwa chimenechi musalembe dzina lake mongoganizira. Kulemba kuti "chiwombankhanga chofiirira chosadziwika" ndi yankho lathunthu, ndipo malo onse akuluakulu owerengera ali ndi mzere wa zosadziwika pa mapepala awo.

Pa akabawi a mapiko osongoka, wofunika kumudziwa ndi Amur Falcon. Wamphongo ndi wotuwa moderapo, wa miyendo yofiira, ndipo kunsi kwa mapiko ake chakutsogolo n'koyera mbee, chimene chimamusiyanitsa ndi mbale wake Red-footed Falcon amene kunsi kwake n'kwakuda. Wamkazi ndi woyera kumimba wokhala ndi mawanga akuda. Amayenda m'magulu ndipo amadya tizilombo touluka. M'madambo ndi m'malo a udzu monga ku Nyika mudzaonanso mbalame zoonda za mchira wautali zikuuluka m'munsimunsi mapiko atatukuka, ndipo zimenezo ndi za gulu la Harrier.

Dziwaninso zimene siziyenera kulowa m'chiwerengero. Nkhwazi, miimba, chiwombankhanga chathu cha mchira waufupi kwambiri chimene chimapendamapendama pouluka, ndi akhwangwala a m'mapiri ndi eni dera, ndipo amazungulira pa mpweya womwewo. Adokowe amayenda ulendo ndithu m'miyezi yomweyi ndipo amazungulira m'magulu akuluakulu, koma khosi lawo limatambasukira kutsogolo ndipo miyendo imatsalira kumbuyo; alembeni pa tsamba lawolawo. Mbalame imene ikulira, ikuthamangitsa inzake, yanyamula chakudya kapena kamtengo, kapena ikutera n'kunyamuka pa dera lomwelo, ili kwawo. Ya paulendo imakwera, n'kulunjika kumpoto, osacheuka.

Kuwerenga kwenikweni

Jambulani m'maganizo mzere wodutsa pamene mwakhala, kuchokera pa chizindikiro cha kum'mawa kufika pa chizindikiro cha kumadzulo, ndipo mulembe zizindikiro ziwirizo patsamba loyamba la kope kuti aliyense wodzawerenga pambuyo panu adzagwiritse ntchito mzere womwewo. Mbalame imawerengedwa kamodzi kokha, pamene yadutsa mzerewo kulowera kumpoto. Ikadutsa n'kubwereranso kum'mwera, ilembeni padera, ndipo muichotse pa chiwerengero ngati mwatsimikiza kuti ndi yomweyo.

Musawerenge mbalame pamene zikuzungulira. Zimapingasana, zina zimabisika kumbuyo kwa zinzake, zina zikulowa m'munsi pamene zina zikutuluka pamwamba, ndipo mudzawerenga imodzi katatu. Yang'anani gulu lozunguliralo kuti muzindikire mitundu imene ilimo, ndipo mudikire. Zikafika pamwamba zimatuluka motsatizana, zonse kuloza mbali imodzi, ndipo apo ndi pamene muimike magalasi pa malo amodzi patsogolo pake n'kumaziwerenga zikamalowa m'galasi. Musazitsatire ndi magalasi, zilekeni zidutse zokha.

Zikakhala zochepa werengani imodziimodzi, wolemba aziika timizere m'magulu a tisanu, kachisanu kopingasa. Zikachuluka moti pakamwa sipakukwanitsa, werengani khumi zoyamba bwinobwino, muone kukula kwa malo amene khumizo zatenga m'galasi, kenako muziyeza gulu lonse ndi muyeso umenewo: khumi, makumi awiri, makumi atatu. Gulu likakhala la mazana, muyeso ukhale wa 50 kapena 100. Anthu ambiri amachepetsa gulu lalikulu, makamaka pakati pake pamene mbalame zathithikana, choncho dziyeseni nokha: yerekezani gulu la akakowa kapena la nkhunda, mulijambule ndi foni, kenako muwerenge za pachithunzi imodziimodzi kuti muone mmene diso lanu limaphonyera. Polemba sonyezani ngati nambala ndi yowerenga kapena yoyerekeza. Anthu awiri akapeza manambala osiyana pa gulu limodzi, asasankhe yaikulu chifukwa ndi yosangalatsa, koma akambirane amene anali ndi mpata woona bwino.

Gulu likakhala losakanikirana, mmodzi awerenge zonse pamodzi osasamala mtundu, winayo awerenge mitundu yochepa yokha, monga ziwombankhanga zili pakati pa Steppe Buzzard zambiri, ndipo pamapeto muchotsere. Ngati pali anzanu ena pa phiri loyandikana, gwirizanani malire a dera la aliyense, muzitumizirana uthenga wa nthawi ndi kukula kwa gulu lililonse lalikulu, kuti lisalembedwe kawiri.

Zolemba m'kope

Pamwamba pa tsamba la tsikulo lembani deti, dzina la malo, mayina a owerenga, nthawi yoyambira ndi yomalizira. Gawani tsikulo m'maola, ola lililonse ndi mzere wake, ndipo kumayambiriro kwa ola lembani za nyengo: kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, kuchuluka kwa mitambo poyerekeza thambo lonse ngati magawo 8, kutalika kwa pamene maso akufika, ndiponso ngati kwagwa mvula. Kwa okhala kufupi ndi nyanja, mayina a mphepo amene asodzi amagwiritsa ntchito, mpoto, mwera, vuma ndi zambwe, ndi okwanira, malinga ngati mukuwalemba mofanana nthawi zonse. Miyezi imeneyi ndi imene mpoto umayamba kuchepa ndipo mwera umayamba kuomba, ndipo pakapita zaka mudzatha kuona nokha m'kope mwanu kuti ndi mphepo iti imene imabweretsa mbalame pafupi ndi thanthwe lanu. Pa mbalame iliyonse kapena gulu lililonse lembani mtundu, nambala, kumene zalowera, mbali imene zadutsa, ndiponso ngati zimaoneka ndi maso okha kapena m'magalasi basi.

Ola limene simunaone kanthu lembani 0. Ambiri amasiya mzerewo wopanda kanthu, kapena salemba n'komwe tsiku lotero poona ngati lapita pachabe, koma wodzawerenga kope lanu sangadziwe ngati mbalame kunalibe kapena inuyo ndi amene kunalibe. Mukachoka pamalo kwa mphindi 30 kukabisala mvula, lembaninso zimenezo. Madzulo phatikizani manambala ndi kugawa ndi maola amene munayang'anadi: mbalame 84 m'maola 6 ndi mbalame 14 pa ola, pamene mbalame 60 m'maola atatu ndi 20 pa ola, kutanthauza kuti tsiku lachiwirili linali lochuluka ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono. Nambala ya pa ola ndi imene imayerekezeka chaka ndi chaka.

Kuwerenga pogona

Amur Falcon ndi kabawi wina wotchedwa Lesser Kestrel amawerengedwa bwino pa malo ogona, chifukwa madzulo amasonkhana m'mitengo italiitali, kawirikawiri ya bulugamu, ngakhale pakati pa tauni. Okhala ku South Africa ali ndi mwayi pa zimenezi, popeza ku Newcastle m'chigawo cha KwaZulu-Natal kuli malo odziwika kumene zikwizikwi zimagona mpaka mu Malichi. Amur Falcon amaoloka nyanja ya pakati pa India ndi kum'mawa kwa Africa, mtunda wa pafupifupi makilomita 3,000, osatera. Mu 2012 zinaululika kuti zikwi zambiri zinkakodwa m'maukonde ku Doyang, m'chigawo cha Nagaland ku India, ndipo midzi ya kumeneko itasiya kusakako malowo anasanduka okopa alendo odzaonerera mbalame. Mukapeza malo ogona, imani patali kuti musazidzidzimutse, fikani kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lilowe, dzuwalo likhale kumbuyo kwanu, ndipo aliyense awerenge zobwera kuchokera mbali imodzi yokha. Zimazungulira kwambiri zisanatere, choncho kuwerenga kwa m'bandakucha, pamene zikutuluka, nthawi zambiri kumakhala kolongosoka kuposa kwa madzulo. Musaziunikire ndi tochi.

Kutumiza zimene mwapeza

Kope limene langokhala m'sutikesi silithandiza mbalame, ndiponso chiswe sichisankha pepala. Tsiku lomwelo jambulani tsamba lililonse ndi foni, ndipo kumapeto kwa sabata lowetsani manambala pa intaneti. Pa eBird, imene imayendetsedwa ndi Cornell Lab of Ornithology, mukhoza kulemba mndandanda wa ola lililonse pa malo amodzi, ndipo ndi yaulere. Trektellen inapangidwira makamaka owerenga mbalame za paulendo. Ntchito ya SABAP2, yolemba kumene mbalame zimapezeka kum'mwera kwa Africa, imene inayamba mu 2007, imagawa dziko m'timabokosi ta pafupifupi makilomita 9 mbali iliyonse ndipo imalandira zolemba kudzera pa pulogalamu ya pa foni ya BirdLasser. Dziwitsaninso bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, kapena BirdWatch Zambia ngati muli ku Zambia, chifukwa kumeneko mukhoza kupeza odziwa kusiyanitsa ziwombankhanga amene angayang'ane zithunzi zanu. Akakufunsani umboni wa mbalame yosowa musakhumudwe. Tumizani chithunzi, ngakhale chosaoneka bwino, pamodzi ndi zimene munalemba nthawi yomweyo za mapiko ndi mchira.

Ziwerengero zoterezi zimagwira ntchito yooneka. Ku Egypt, m'mphepete mwa Gulf of Suez, kumene kuli makina ambiri opangira magetsi ndi mphepo pa njira yomwe mbalame zathuzi zimadutsa, owerenga amaima pamalo m'miyezi ya ulendo ndipo makina amaimitsidwa gulu lalikulu likamayandikira. Kuti zimenezo zitheke panafunika kudziwa kaye njira, masiku ndi maola a mbalamezo. Nyengo ikatha, lembani patsamba lomaliza tsiku limene munaona mtundu uliwonse komaliza, musunge kopelo pouma, ndipo mu Okutobala ndi Novembala mubwererenso pa thanthwe lomwelo, mzere ukhale womwewo, koma nkhope iloze kumpoto, chifukwa nthawi imeneyo mbalame zidzakhala zikuchokera kumeneko.